Khadi la M'sitolo ya Mayi Akunyumba

Ku England kuno anandibweretsa ndi mayi akunyumba. Iwo anali namwino ku Zomba, ine mphunzitsi wa pulayimale. Atapeza ntchito pachipatala cha boma ku Leicester anatsogola, ndipo ine ndi mwana wathu wamkazi tinawatsatira patatha chaka, mwanayo ali ndi zaka zitatu. Poti iwo ndi amene anayamba kufika, zonse za pakhomo zinalembedwa m'dzina lawo: nyumba ya ku Wigston, magetsi, gasi, foni. Ine ndinapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo malipiro akalowa ndinkangowasiyira kuti aone okha poyambira. Sindinkaonapo chovuta. Iwo ankadziwa kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta kumunsi kwa makalata, ine ndinkadziwa kukonza mpope wodontha ndi kutchetcha kapinga. Tinakhala choncho zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Anamwalira mu Malichi, kutatsala zaka zitatu kuti matenda a korona afike. Anadwala miyezi inayi yokha. Amalawi anzathu a ku Leicester ndi ku Nottingham anasonkha, tinanyamula thupi n'kukaika maliro kwawo ku Zomba. Mwana anabwerera msanga chifukwa cha mayeso a ku yunivesite. Ine ndinatsalira mwezi wathunthu kwa apongozi.

Nditabwerako, masabata oyamba anthu ankabwera kudzandiona. Azimayi a kumpingo ankasiya mapoto a ndiwo, azibambo ankakhala nane pabalaza n'kumaonera mpira. Koma kuno aliyense ali ndi mashifiti ake, ndipo sindinawaimbe mlandu pamene anayamba kuchepa. Pofika mu Juni ndinkatha tsiku lonse lopuma osatsegula pakamwa. Mwana ankachita lendi kachipinda ku Hyson Green, mu Nottingham, ndipo ankaimba foni Lamulungu masana.

M'mawa wina ketulo inangosiya kugwira ntchito. Ndinawiritsa madzi m'poto kwa sabata yathunthu, kenako Loweruka lina ndinakwera basi ya m'tauni. Ndinalunjika kusitolo yaikulu ya nsanjika zitatu komwe mayi ankagulako pafupifupi chilichonse, kuyambira makatani mpaka masokosi anga. Iwo anali ndi khadi la sitoloyo, ndipo anandikonzera lachiwiri lotuluka pa akaunti yawo yomweyo. Linkangokhala m'chikwama changa cha m'thumba. Ndinkaligwiritsa ntchito pokhapokha akandituma, atandilembera papepala mtundu wa chinthu ndi nsanjika yake.

Ndinasankha ketulo yoyera yofanana ndi yakale ija n'kupita pakauntala. Panali mayi wina wachizungu, wachikulire ndithu, magalasi ake ali pa kachingwe ka m'khosi. Analowetsa khadi m'makina, makina n'kukana. Analipukuta pamalaya n'kuyesanso, koma osatheka. Anaimba foni, anamvetsera kwa kanthawi, kenako anandiyang'ana mwa mtundu wina.

"Bambo, pepani," anatero motsitsa mawu, m'Chingerezi. "Akuti akaunti iyi inatsekedwa. Mwini wake weniweni anali akazi anu?"

"Inde."

"Pepani kwambiri. Akuti mwana wanu ndi amene anatidziwitsa."

Sindinkadziwa. Mwanayo anali atachita zimenezi ine ndili kumudzi, pamodzi ndi zina zambiri zomwe sindinamufunse. Kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu, ena atanyamula mapilo, ena mapoto. Ndinalipira ndi khadi langa la kubanki, ndipo ndinkafuna kungotuluka. Koma mayi uja anaitana mnzake kuti aimirire pakauntala, iye n'kunditengera pa kadesiki ka pambali, pafupi ndi pomwe amapachika makatani.

Anatulutsa timapepala tiwiri n'kutiika patsogolo panga. Anati ngati ndikufuna, nditha kukhala ndi khadi la m'dzina langa, ndipo makhadiwo alipo awiri. Loyamba linali longa la malemu. Limagwira ntchito m'sitolo momwemo basi. Masiku ena amatsitsira mitengo anthu a khadilo, ndipo mwezi uliwonse amatumiza kavocha ka tiyi ndi keke yaulere kumalo odyera a pamwamba. Kuipa kwake, chiwongoladzanja chake ndi chokwera ukachedwa kulipira. Lachiwiri linali kirediti khadi. Lili ndi dzina la sitolo yomweyo, koma ungagulire paliponse, kaya ndi petulo kaya ndi ndiwo za kumsika waukulu, ndipo ukagula limakupatsa mapointi omwe pambuyo pake amasanduka mavocha.

"Ndiye mwakonda liti?" anafunsa.

Ndinatembenukira kumanzere kwanga. Ndi mbali yomwe mayi ankaima nthawi zonse tikakhala pamalo otere, kubanki, kusukulu ya mwana, kwa dokotala. Munthu akafunsa funso, ine ndinkawayang'ana, iwo n'kuyankha. Khosi linazolowera. Tsiku limenelo kumanzere kwanga kunali makatani obiriwira. Mayi wa magalasi uja anaona. Anangopinda timapepala tija n'kutilowetsa m'jumbo ya ketulo.

"Palibe changu," anatero. "Kawerengeni kunyumba."

Timapepalato tinakhala patebulo la kukhitchini masabata asanu. Ndinkadya moyang'anizana nato. Kunena zoona, khadi sindinkalifuna kwenikweni. Munthu wokhala yekha amagula makatani kangati? Koma nkhaniyo inandikakamira. Ndinali bambo wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, woti ndinaphunzitsapo ana masamu, koma m'dziko lino ndinali ndisanasainirepo kanthu ndekha popanda wina kundilozera ndi chala posaina.

Lamulungu lina ndinamufunsa mwana pafoni. Ine ndimamulankhula m'Chichewa, iye amayankha m'Chingerezi, ndi mmene takhalira kuyambira ali kumkaka. Ndinkamva belu la tiramu, sitima yoyenda m'misewu ya m'tauni, kumbuyo kwake.

"Adadi, nkhani yake ndi yosavuta," anatero. "Makhadi a m'sitolo amenewo ndi odula. Ngati mukufuna khadi, tengani la kirediti, mapointi ake muziwapeza paliponse. Kapena osatenga lililonse."

"Koma amayi ako anali ndi la m'sitolo."

"Amami ankalipira zonse mwezi ukangotha, osaphonya. Inu mudzaiwala. Makalata simutsegula n'komwe."

Ankanena zoona. Pawindo la pakhomo panali mulu wa maenvelopu. Ndinkafuna tikambirane nkhaniyo pang'onopang'ono, andiwerengere mzere umodziumodzi, ngakhale tikangane pang'ono, bola foniyo italike. Koma iye anali atayankha kale funso, ndipo tiramu yake inali itafika.

Kuntchito ndinafunsanso mnzanga wina wa ku Zambia, yemwe tinkagwirira limodzi kunyamula agogo osatha kudzuka okha. Tinali pa nthawi yopuma, iye akudya mpunga wa m'kontena.

"Mudala, osavutika maganizo," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Ija ya mu shopu ni msampha chabe. Tengani ya kirediti, muzithira nayo petulo. Manje imwe mufuna kugula chani mu shopu ija, madiresi?"

Tinaseka. Anthu awiri anali atanena chimodzimodzi, ndipo nane ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinaganiza zotenga la kirediti.

Kapepala kake kanati pofunsira pafunika kalata yosonyeza komwe ndimakhala. Makalata otere mayi ankasunga m'dirowa ya m'munsi ya kuchipinda, yomwe ndinali ndisanaitsegule chimwalirire iwo. Lolemba lina m'mawa ndinagwada pansi n'kuikoka. Zonse zinali m'malo mwake, zomangidwa ndi malabala, chilichonse ndi dzina lake lolembedwa ndi dzanja lawo. Kumbuyo kwenikweni kunali envelopu yofiirira yopanda dzina. Munali timalisiti tambirimbiri, tina titafufutika ndi ukale. Tonse tinali ta kumalo odyera a pamwamba pa sitolo ija. Tiyi mmodzi, keke imodzi. Tina tinali ta vocha yaulere, koma tambiri tinali tolipira. Ndinayang'ana masiku ake pa kalendala ya pafoni. Onse anali Lachitatu, cha m'ma hafu thuu masana.

Lachitatu mayi ankagwira shifiti ya m'mawa ndipo ankaweruka thuu koloko. Kunyumba ankafika cha m'ma folo. Ndikafunsa ankati, "Ndinadzera m'tauni," ine n'kungoti chabwino, maso ali pa nyuzi. Sanandiuzepo za tiyi ameneyu.

Ndiulule chinthu chimodzi chochititsa manyazi. Ndinayala timalisiti tonse pabedi n'kuyamba kufufuza kamene kali ndi makapu awiri. Ndinafufuza kamodzikamodzi. Panalibe ngakhale kamodzi. Nditamaliza ndinakhala pansi pa kapeti, nditatsamira bedi, ndipo ndinadzimvera chisoni kuti ganizo loyamba kundibwerera linali limenelo.

Lachitatu lotsatira ndinasinthana shifiti ndi mnzanga wa ku Zambia uja n'kupita. Pa nsanjika yachitatu ndinali ndisanakwerepo. Malo odyerawo anali kuseri kwa mabedi ogulitsa: matebulo khumi ndi angapo, mawindo aakulu oyang'ana madenga a nyumba zakale ndi nkhunda zoyenda m'mphepete mwake. Munali agogo achizungu awiriawiri ndi mayi wina wodyetsa khanda. Wogulitsa tiyi anali mayi wachimwenye wamfupi, wa imvi zapatalipatali. Ndinagula tiyi n'kukhala. Nditamwa theka ndinabwerera pakauntala pake, ndinatsegula foni n'kumuonetsa chithunzi cha malemu.

"Pepani mayi, kodi munthu uyu munamuonapo?"

Anapukuta manja pa epuloni n'kuyandikitsa foniyo kumaso.

"Nesi wa pawindo," anatero. "Ali kuti? Ndakhala ndikudabwa. Ndimayesa anasamukira kwina."

Ndinamuuza. Anagwira pakamwa ndi dzanja, kenako anazungulira kauntala n'kudzakhala nane patebulo, ngakhale kuti panali munthu wodikira. Anandilozera tebulo la pakona, pomwe windo limakumana ndi khoma.

"Pamenepo ndiye pamalo pake. Akafika ankavula nsapato pansi pa tebulo, kuganiza kuti sindikuona. Foni ankaizimitsa. Ankakhala ola lathunthu, nthawi zina atatsinzina, nthawi zina akungoyang'ana nkhunda. Keke ya mandimu ikatsala imodzi ndinkamubisira."

"Ankalankhula nanu?"

"Pang'ono. Za ana athu aakazi, poti nanenso ndili naye wa ku yunivesite. Za inu ananenapo kuti mumaimba nyimbo za kutchalitchi mukamatsuka mbale, koma mawu ake mumasokoneza."

Ndinaseka, misozi n'kutuluka nthawi yomweyo.

"Nanga anakuuzanipo chifukwa chake ankabwera okha?"

Mayiyo anaganiza kaye. Ndinaona kuti akuyesa ngati ndi zoyenera kunena.

"Ndinamufunsapo tsiku lina. Anati kuchipatala aliyense amamuitana, akafika kunyumba aliyense amamuitananso, wina akufuna kudziwa komwe kuli chakuti, wina akufuna amusainire chakuti. Anati pano ndi malo okhawo omwe palibe amadziwa dzina lake. Ndipo zoona, dzina lake sindinalidziwe mpaka lero."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze dzinalo, koma ndinaleka. Iye sanafunse. Anandigwira paphewa n'kubwerera kuntchito yake.

Ndinasamukira patebulo la pakona lija ndi tiyi wanga wozizira. Zaka zonsezo ndinkauza anzanga monyadira kuti kwathu zonse amayendetsa ndi mayi, ine ndimawakhulupirira. Sindinadzifunsepo kuti katundu ameneyo ankalemera bwanji. Munthu anabwera yekha m'dziko lozizira, anasenza odwala, anasenza mwana, anasenzanso ine. Mpumulo wake wonse unali ola limodzi pa sabata, atavula nsapato, ndipo ngakhale limenelo ankachita kulibisa. Sindikudziwa ngati ankaopa kuti ndikhumudwa, kapena kuti ndinena kuti nane ndipite nawo. Mwina ndikanaterodi.

Nditatsika pansi ndinamupeza mayi wa magalasi uja pakauntala pake. Anandikumbukira.

"Bambo a ketulo. Mwaganiza?"

"Ndikufuna la m'sitolo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndikuuzeni zoona, anthu ambiri amapindula ndi linalo. Ili ngati simugula kawirikawiri muno, phindu lake ndi lochepa."

"Ndikudziwa. Mwana wanga wandiuza, mnzanga wandiuza."

"Koma mukufuna ili."

"Ili lomweli."

Sanalimbikire. Tinakhala pa kadesiki kaja, iye akufunsa, ine ndikuyankha. Zaka zomwe ndakhala panyumbapo. Ntchito yomwe ndimagwira. Atafika pa funso la banja anatembenuzira kompyuta kwa ine kuti ndisankhe ndekha, ndipo ndinaloza pa mawu oti wofedwa. Aka kanali koyamba kuona mawuwo akunena za ine. Anthu okhala m'nyumbamo, mmodzi. Atafunsa ngati ndikufuna khadi lachiwiri la munthu wina, anadzidula yekha pakati n'kudumpha funsolo. Pomaliza anandikonzera kuti banki izilipira yokha zonse mwezi ukatha, kuti ndisadzavutike ndi chiwongoladzanja ngakhale nditaiwala kutsegula kalata. Ndinasaina pomwe ndinaona ndekha kuti ndi posaina.

Mwana nditamuuza anapumira m'mwamba pafoni.

"Adadi, ndiye munandifunsiranji?"

Ndinamufotokozera za envelopu ija, za tebulo la pakona, za nsapato. Kenako anayankha m'Chichewa chake chopindika, chomwe amachitulutsa mwa apo ndi apo.

"Ine sindimadziwa."

"Ngakhale ine, mwana wanga."

Anabwera ulendo umodzi pa holide kuti akaone malowo. Tinakhala pakona paja awiri. Iye ankatembenuzatembenuza supuni, akuyang'ana uku ndi uku ngati akufuna chizindikiro china chake cha amayi ake, koma panali matebulo ndi mipando basi. Anati keke ndi youma. Pobwerera m'basi analira mwakachetechete atatsamira windo, ndipo sanapemphenso kupitako.

Ine ndinapitiriza. Osati sabata iliyonse, chifukwa mashifiti salola, koma kavocha kakabwera m'kalata ndinkasunga Lachitatu limodzi. Makalata a sitoloyo ndi amene anandiphunzitsa kutsegula maenvelopu. Pa khadilo sindinagulire zambiri: masokosi, mapilokesi awiri, jekete ya mwana ya nyengo yozizira yomwe anakaibweza poti sinamukwane. Mwana ndi mnzanga uja sanalakwe, phindu lake linali lochepa. Mayi wachimwenye ankangondigwedezera mutu n'kundithirira tiyi. Sitinkacheza kwambiri. Nthawi zina ndinkapeza pakona paja pali anthu, n'kukhala pena kudikira kuti achoke.

Sindinganene kuti pamalopo ndinkawamva mayi ali pafupi. Ayi. Chomwe ndinkapeza n'chakuti kukhala wekha pakati pa anthu ndi kopepukirako kusiyana ndi kukhala wekha m'nyumba ya zipinda zitatu. Iwo ankabwera kuthawa oitana. Ine ndinkabwera chifukwa kunyumba kunalibe woitana.

Zinatha chaka ndi miyezi ingapo. Nyengo yozizira ina, Khirisimasi itangodutsa, ndinatsika basi n'kuona mawindo a sitolo atamatidwa mapepala achikasu oti akutseka, zonse zikugulitsidwa motchipa. Masitolo aakulu ambiri m'matauni a kuno anali kutsekedwa nthawi imeneyo, anthu atazolowera kugula pa foni. Ndinakwera mpaka pamwamba. Mabedi anali atatha, panangotsala madindo ake pa kapeti. Malo odyera anali atatchingidwa ndi chingwe, mipando itasanjikidwa pamatebulo miyendo m'mwamba, uliwonse ndi kapepala ka mtengo wake. Ndinafunsa bambo wina yemwe ankamasula mashelefu za mayi wa tiyi uja. Anati a kumalo odyera anawaimitsa sabata yapitayo, ndipo iye sadziwa aliyense, anangobwera kudzaphwasula.

Pansi ndinamupeza mayi wa magalasi, mzere wake utafika pakhomo. Ndinaima pamzerepo wopanda chogula, kuti ndingomutsanzika. Nditafika anandiuza kuti wagwira m'sitolomo zaka zoposa makumi awiri, ndipo sakudziwa kuti alowera kuti. Anandifunsa ngati kuntchito kwathu amalemba anthu a msinkhu wake. Ndinamuuza kuti amalemba, koma msana umapweteka. Anaseka, n'kuitana wotsatira.

Kalata yotseka khadi inabwera patatha masabata angapo. Chaka chomwecho tinkakonzekera kukamanga chiliza ku Zomba, ndipo mwana anati pogula matikiti a ndege ndi bwino kukhala ndi kirediti khadi. Tinatenga la kubanki. Anabwera Loweruka ndi kompyuta yake, ndipo nditamuuza kuti fomu ndilemba ndekha anakhala pambali atapinda manja, akuluma milomo poona mmene ndikuchedwera ndi chala chimodzi. Anandikonza malo awiri okha.

Ku Zomba tinakhala masabata atatu. Chiliza chitatha, alamu anga anandiitanira pambali pansi pa mtengo wa mango n'kundifunsa kuti kodi kunjako ndikukhala bwanji ndekha, amandiphikira ndani, bwanji osangobwerera kumudzi. Ndinawauza kuti mwana akadali pasukulu, ndipo ntchito ilipo. Anagwedeza mutu osakhutira.

Tinatera ku England m'mawa, kukugwa kamvula kowaza. Mwana anakwera sitima ya ku Nottingham, ine ya ku Leicester, kenako basi ya ku Wigston. Kapinga anali atakula kupitirira akakolo. Ndinaika sutukesi pakhonde, ndisanavule n'komwe jekete, n'kupita kuseri kukaona ngati makina otchetchera angalire.